Karoti Woyera wa Kuseri kwa Nyumba

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, mpopi wa m'dera lathu unauma mwezi wathunthu. Bambo anali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, mabedi asanu pakati pa khoma la khitchini ndi mpanda, ndipo analamula kuti mwana aliyense azibwera ndi ndowa zitatu za madzi kuchokera kuchitsime cha kumapeto kwa msewu asanapite kusukulu. Achemwali anga, aakulu kwa ine ndi zaka zinayi, ankatunga zisanu ndi imodzi. Zitatu mwa izo zinali zanga. Ine ndinkakhala panjerwa pafupi ndi bedi la anyezi, buku lili pamaondo, n'kumawawerengera bambo mokweza za mmene mizu imamwera madzi. Bambo ankagwedeza mutu uku akuthirira, n'kumati, "Uyu ndiye adzalidziwe dimba." Achemwali ankangoika ndowa pansi mwamphamvu, madzi n'kuthovukira pabuku langa.

Ndinalidziwadi dimba, la m'mabuku. Ndinapeza ntchito kudziko lakutali, m'chipinda chopanda mawindo, yowerenga njere zimene zamera pa timapepala tonyowa. Makalata awa ndi a chaka chachiwiri bambo atamwalira. Ndawasanja motsata madeti ake, osati mmene ankafikira.

3 Malichi

Pulofesa,

Moni. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi limene limadziwa za mvula kuposa wailesi. Kaya iwe ndi chisanu chakocho? Uzilemba, usamadikire kuti wina amwalire.

Ndilowe m'nkhani. Alamu ako awachotsa pamalo paja ankawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu. Mwini malo akufuna kumangapo sitolo. Zipangizo zonse zili kuno, zina pakhonde, zina kuseri kwa chitseko, moti m'mawa moni woyamba umalandira kwa chitsulo, pachala chakuphazi. Taganiza zomanga shedi kuseri, padimba la bambo. Sipanalimidwe chimwalirireni iwo. Udzu wafika m'chiuno, ndipo amene akupindula napo ndi amphaka a aneba okha.

Ku khonsolo akuti sangalole popanda siginecha ya mwini puloti, ndipo mwini puloti, monga ukudziwa, ndiwe. Bambo analemba dzina lako, sitinadandaule. Fomu ndaiika momwemu. Ndi tsamba limodzi, palibe chowerenga chambiri.

Ndikuuziretu: shedi ikalephereka, pali mnzawo wa alamu ako amene akuwaitana kumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu. Tikapita, amayi atsala okha m'nyumba muno, chifukwa akuti makina awo osokera sasamuka, iwonso sasamuka. Mnzawoyo adikira mpaka kumapeto kwa Seputembala.

Saina, ubweze.

Ine mchemwali wako.

26 Malichi

Achemwali,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino. Bondo la amayi muzilithowa ndi madzi ofunda. Pepani ndi zimene zawachitikira alamu, muwauze kuti zandikhudza.

Fomu ndaiona. Ndikufuna ndiiwerenge modekha.

Pakadali pano ndatumiza kanthu m'kapaketi kakang'onoko. Ndi njere za mbewu yotchedwa pasinipu. Muzu wake umafanana ndi karoti, koma ndi woyera, wonenepa kumutu, ndipo ukapsa umatsekemera n'kumanunkhira m'njira yovuta kuifotokoza. Ndaganiza kuti tisanathire simenti padothi limene bambo analisamalira zaka makumi atatu, tilipatse nyengo imodzi yomaliza. Mwina ndikulakwitsa. Koma dothi ngati lija silipangika kawiri.

Kadzalidwe kake ndi aka. Mulime bedi limodzi mozama, kufika pachigongono, ndipo muchotse miyala yonse. Musathire manyowa aawisi. Njere mufese pabedi pomwepo, m'mizere, mosazamitsa. Musazifese panazale, chifukwa mbewu iyi siifuna kuwokeredwa. Dothi lisaume. Imachedwa kumera, masabata atatu kapena anayi, choncho musataye mtima. Njere zake sizisungika, mudzale mwezi ukubwerawu.

Mundiuze mmene ziyendere. Kodi amayi akusokabe tsiku lonse osapuma?

Ine mlongo wanu.

19 Epulo

Pulofesa,

Moni. Tili moyo.

Envelopu ndinatsegulira ku positi komweko. Ndinaigwedeza, ndinasuzumiramo, ndinafunsa ngakhale mayi wa pakauntala ngati pepala lina lagwa pansi. Ndinapempha siginecha, iwe wanditumizira tinjere tonga timamba ta nsomba. Fomu ya tsamba limodzi, munthu wa madigiri awiri, akuti aiwerenge modekha.

Ine ndikanazitaya. Tsoka lake kalata ndinawawerengera amayi, ndipo atamva za dothi la bambo anavula magalasi. Mawa lake alamu ako, munthu amene akufuna malowo, ndiye anagwira khasu kulima bedi lako mpaka pachigongono. Anatulutsa miyala wilibala imodzi ndi theka, masupuni awiri, ndi sizasi ija amayi akhala akunena kwa zaka khumi kuti ndinataya ine. Kupepesa sanapepese.

Lero ndi tsiku la khumi ndi chiwiri chifesereni. Pabedi palibe kanthu. Amayi amathirira m'mawa ndi madzulo, kenako amawerama n'kumayang'ana dothi ngati munthu amene wagwetsa singano. Aneba afunsa ngati takwirira galu.

Alamu ako akuwotcherera pakhonde. Lachiwiri nthethe zinalowa pawindo n'kuboola siketi yatsopano ya kasitomala wa amayi. Amayi anasokapo kaduwa n'kumuuza kuti ndi sitayilo. Bodza limenelo silingagwire kawiri.

Funso langa ndi limodzi. Karoti wakoyu amatenga nthawi yaitali bwanji kuti akhwime? M'kalata yako yonse ija sunanene.

Ine mchemwali wako.

8 Meyi

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Ine ndili bwino, bondo ndi lomwe lija. Kodi ukudya mokwanira? Pachithunzi chija khosi latalika.

Zamera. Koma pamera zinthu zamitundumitundu, ndipo pano palibe amene akudziwa nkhope ya mbewu yakoyi. Mlongo wako akuti tizule zonse, chimene chilire ndiye chako. Ndamuletsa. Ndathyola masamba atatu osiyana, ndawasokerera pakansalu aka, lina ndi ulusi wofiira, lina wakuda, lina woyera. Undiuze ulusi umene uli pambewu yako. Mpaka uyankhe ndizithirira zonse.

China. Unati tisafese panazale. Ine ndinaona kuti njere zakozo n'zopepuka, madzi akhoza kuzikokolola, ndiye theka ndinafesa m'beseni lakale lija. Bambo ako chilichonse ankayambira m'beseni limenelo. Zikakula pang'ono ndiwokera. Ukwiye ukamaliza kudya.

Komanso, masamba ake amadyedwa? Akuoneka ofewa. Kulima chinthu n'kutaya masamba ake ndi kuwononga.

Za pepala la mlongo wako sindinenapo kanthu. Unakula.

Ine mayi ako.

30 Meyi

Amayi,

Moni. Ndikudya ndithu, za khosizo ndi kamera chabe. Kansalu kanu kafika bwino. Anzanga a kuntchito akhala akubwera kudzakaona, akuti sanaonepo masamba osungidwa mwaudongo chotere.

Mbewu yathu ndi ya ulusi wakuda. Ya wofiira ndi phwetekere wongodzimerera, ya woyera ndi udzu. Muziizindikira motere: paphesi lililonse pali timasamba tiwiritiwiri toyang'anizana, ndi kamodzi kunsonga, ndipo m'mphepete mwake muli manomano ngati a sowo. Sali ngati nthenga monga amakhalira a karoti. Popatulira, musiye mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa mbewu.

Tsopano chofunika kwambiri, chimene ndinayenera kulemba m'kalata yoyamba. Masamba musadye. Komanso musawagwire ndi manja osavala kanthu dzuwa likuwala. Madzi a m'masambamo akagwera pakhungu, kenako khungulo n'kuwombedwa ndi dzuwa, pamatuluka matuza ngati a moto. Muzivala magolovesi ndi malaya a manja aatali, ntchitoyo muzigwira dzuwa litapendeka, ndipo mukamaliza muzisamba ndi sopo.

Achemwali anafunsa za nthawi yokhwima. Zimatengera nyengo.

Za fomu,

Ine mwana wanu.

22 Juni. Amayi, pepani. Kalatayi yakhala m'thumba la jekete masabata atatu. Ndinkafuna ndimalize kaye chiganizo cha fomucho. Ndachilemba kasanu ndi kawiri papepala lina, sichikutheka. Ndikuitumiza chomwechi.

14 Julaye

Pulofesa,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi ali pompano ndipo akuyang'ana.

Kalata yako ya pa 30 Meyi yafika dzulo. Ndi kalata yabwino. Ndawawerengera amayi kawiri, makamaka pamene pakunena za magolovesi. Akanaigwira okha, koma manja onse awiri ali m'mabandeji sabata yachiwiri tsopano.

Anatopa kudikira. Pa 29 Juni, dzuwa lili paliwombo, analowa pabedi kukapatulira. Mbewu yako anaizindikira okha, chifukwa phwetekere anali atachita kale maluwa ndipo udzu unali utaoneka kuti ndi udzu. Zimene anazula anazikumbatira m'mikono ngati mwana, n'kukhala nazo pakhonde, padzuwa, kusadzula masamba oti aphike. Poto ndinawalanda ndisanadziwe n'komwe chifukwa chake. Ndinangoti chinthu chotumiza iwe sichingakhale chophweka. Patapita masiku awiri, matuza kuyambira kuzala mpaka m'zigongono. Namwino anafunsa ngati anagwera m'madzi owira. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali. Ukudziwa mmene zimawawira kuyang'anidwa choncho pa nkhani ya mayi ako?

Makina osokera aphimbidwa ndi nsalu. Mayunifolomu a sukulu ija amaisokera chaka ndi chaka apita kwa telala wina. Ndimawasambitsa ine, ndimawadyetsa ine, kenako ndithamangire kuntchito. Iwo akuti usamuuze, adandaula. Dandaula.

Masabata atatu m'thumba la jekete. Ukudziwa, ndikanakonda ukanangokana. Munthu wokana timadziwa pomugwira. Iwe suvomera, sukana, umangotumiza malangizo. Ndipo "zimatengera nyengo" si yankho. Ndinapita kwa bambo uja amagulitsa mbewu m'tauni, anatsegula buku lake, akuti miyezi isanu kapena kuposa. Werenga wekha kuyambira Epulo, uone pamene ikufika. Kuwerenga ndiye umatha.

Ine.

2 Ogasiti

Alamu,

Ndikupereka moni ndi ulemu. Pepani ndi kalembedwe, dzanja langa linazolowera chitsulo.

Amayi akupezako bwino. Mabandeji achotsa, patsala zipsera zakuda zimene akuti zizitha pang'onopang'ono. Bedi ndikuthirira ine. Ndimavala magolovesi owotcherera, tsiku loyamba ndinavala ndi chigoba chakumaso chomwe, mpaka aneba anabwera kudzaonerera pampanda. Mbewu ikukula bwino. Zowokera zija zinafota koma zadzuka.

Sindikulemba kuti ndikukakamizeni. Malo ndi anu, ine ndine wobwera. Kungoti mnzanga uja wafunsanso, ndipo ndayamba kumanga zitsulo zina m'mitolo kuti zisadzativute tsiku lonyamuka. Mlongo wanu sakulankhula nane bwino chifukwa ndikuthirira. Amayi sakulankhula nane bwino chifukwa ndamanga mitolo. Ndiye nthawi zambiri ndimangokhala kudimba. Ndayamba kumvetsa chimene apongozi ankapezako.

Ngati yankho ndi ayi, ingolembani kuti ayi. Sindidzasunga chakukhosi. Chovuta ndi kuima mwendo umodzi m'mwamba.

Ine mlamu wanu.

21 Ogasiti

Mwana wanga,

Moni. Akulemba ndi mlongo wako, zala sizinayambe kupinda bwino. Ndamuuza kuti alembe zokhazo zimene ndikunena. (Ndikuyesetsa.)

Makalata ako atatu opepesa afika. Akwana. Usatumizenso mafuta odzola, kabati yadzaza.

Tamvera. Iwe ukuganiza kuti bambo ako ali m'dothi lija. Salimo. Tinakawaika kwina, unalipo. Dimba lija analiyamba chaka chimene ndinagula makina, chifukwa phokoso linkawapweteka mutu, ndiponso kumeneko ankasutirako fodya poganiza kuti sindikuona. Kabichi wawo ankathera mbozi chaka ndi chaka. Dzina lako analemba papuloti chifukwa ankati ndiwe wodziwa mapepala. (Chifukwa ndiwe mwamuna.) Ndipo mlongo wako asawonjezere zake, ndikuona dzanja likuyenda ine nditakhala chete.

Mbewu yako ndathirira chifukwa unapempha. Kuikonda sindinaikonde. Koma sindikuuza chochita ndi pepala lija, chifukwa ukasaina pomvera ine udzandisungira mlandu mpaka ndife, mwakachetechete, monga umachitira.

Chimene ndikulamula ndi ichi. Pano palibe amene akumbe zinthu zimenezi. Unadzala ndi kalata, koma sukumba ndi kalata. Tenga tchuthi. Khasu lilipo. (Magolovesi ubwere ndi ako.)

Ine mayi ako.

24 Seputembala

Achemwali,

Moni, ngakhale tadzuka m'nyumba imodzi ndipo ndikukumvani mukutsuka mbale. Ndayesa kawiri kuti ndilankhule, dzulo patebulo ndi m'mawa uno pampopi, koma mukandiyang'ana mawu amandithawa.

Dzulo ndakumba, munaona pawindo. Simunaone zonse. Khasu loyamba ndinadula muzu pakati, lachiwirinso chimodzimodzi, mpaka alamu anabwera mwakachetechete n'kundipatsa foloko ya mano atatu imene anawotcherera sabata yatha, n'kundionetsa kuti ndiziyambira patali. Ndakhala zaka zisanu ndi zinayi ndikulemba za mizu, ndipo wondiphunzitsa kuikumba ndi munthu wa mageti ndi mawindo. M'manja mwanga muli matuza, a mpini chabe. Amayi sindinawaonetse.

Ndinapeza mizu makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Ya njere zofesa pabedi, ina ndi yowongoka bwino. Yowokera ija yonse yapindika, miyendo itatuitatu yopiringizana, ndipo amayi akuti imeneyo ndiyo yokongola. Nditaikazinga ndi mafuta ndi mchere, alamu anati ndi yabwino, n'kumwa madzi makapu awiri. Amayi anati ikukoma ngati mbatata imene yagona m'kabati ya sopo. Inu munati, "Miyezi isanu," n'kupitiriza kutafuna. Kunena zoona, kumene ndimakhala imatsekemera kuposa apa, chifukwa imafuna chisanu choopsa chimene kuno kulibe. Zimenezonso ndinkazidziwa.

Munandifunsa kuti imakhwima liti. Yankho ndinali nalo tsiku lomwe ndinkagula njere. M'sitolo muja munali mbewu zokhwima m'masabata anayi. Ndinatembenuza mapaketi onse, kuwerenga kumbuyo, n'kusankha yochedwetsetsa. Ndinadziuza kuti ndikuchitira bambo. Koma ndinkangofuna kuti Seputembala afike ndisananene kanthu, kuti mupite kapena mukhale popanda ine kukhala wolakwa. Ndinali nditakonzanso chonena china, chakuti tisiye mizu ingapo m'dothi mpaka chaka chamawa kuti ibereke njere. Dzulo patebulo chinafika pamlomo. Ndiye ndinaona mmene amayi akunyamulira kapu, ndi manja awiri.

Ndakumba yonse. Sipanatsale ndi umodzi womwe.

Fomu ndasaina. Ndalembanso kalata ina yopita ku khonsolo, yopempha kuti papuloti alembe dzina lanu. Lolemba ndikafunsa mmene zimayendera, ndipo ngati pali mzere ndikaima ine. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mwina tsiku lina ndidzadzuka kutali kuja n'kumva kuwawa kuti pamene panali mabedi pali simenti. Kuwawa kumeneko kudzakhala kwanga, sindidzakutumizirani.

Ine mlongo wanu.

Ndinapinda mapepalawo patatu, fomu ili mkati, n'kupita kukhitchini. Achemwali anali atapindira manja a bulauzi, thovu la sopo lili mpaka m'zigongono. Anayang'ana mapepalawo, kenako anandiyang'ana ine.

"Kalata? Uli pano, mapazi asanu kuchokera pasinki, ukundilembera kalata?"

"Ndi yaifupi."

"Yako sinakhalepo yaifupi. Fomu ilimo?"

"Ilimo."

"Wasaina?"

"Ndasaina."

Kuchipinda makina a amayi anali kulira pang'ono, kuima, kuliranso. Achemwali anapukuta dzanja limodzi pa epuloni, mosafulumira, chala chimodzichimodzi, ngati akundipatsa mpata woti ndithawe. Kenako anatambasula dzanjalo, ndipo ndinawapatsa.